Dzenje la Kuseri kwa Khola la Nkhuku

Bambo anga anagwira ntchito ya mapaipi pa fakitale ina ku Msasa mpaka mutu wonse unayera, ndipo chipumireni pantchito sanalolepo kuti munthu wina adziwe za madzi kuposa iwo. Nyumba yawo ili ku Glen View, kumapeto kwa msewu wathu, chakumtunda. Ine ndinabwereramo banja langa litatha, ndili pa msinkhu woti anzanga akutchedwa kale agogo. Ndimasoka nsalu zokutira makhushoni n'kumakapereka kwa akalipentala a pamsika wa mipando. M'nyumbamo tinatsala awiri, ine ndi nkhalamba yosaona bwino koma youma mutu ngati chitsa.

Madzi kwathu amabwera masiku owerengeka pa sabata, ndipo akabwera amabwera ofooka. Umangomva wina kumunsi akufuula m'Chishona kuti, "Mvura yauya!" kutanthauza kuti madzi abwera, basi msewu wonse ndowa zayamba kulira. Kwathu kumtunda mpopi unkangotulutsa mpweya, fuu, kenako zii. Zinakhala choncho zaka.

Sindidziwa amene anayambitsa, koma wina wanzeru zake anazindikira kuti ukakumba pansi pabwalo pako, n'kuipeza paipi, n'kuidula pomwepo, madzi amatuluka ngakhale kumpopi kuli gwa. Mphamvu yokwera mpaka kumpopi alibe, koma yotulukira m'dzenje ali nayo. Woyamba anakumba lolekeza m'mawondo. Woyandikana naye ataona kuti kwake kwachepa anakumba lolekeza m'chiuno, n'kuitsitsa paipi ndi kachidutswa ka hozi. Pasanapite nthawi msewu wonse unali maenje okhaokha, ena mpaka anawaikira masitepe. Wogula mpopi woti aike m'dzenjemo panalibe. Ankangokulunga mphira ya chubu cha njinga, n'kutsekera ndi chitsononkho cha chimanga kapena kamtengo, kwatha.

Khomo limodzi lokha linakana, ndipo ndi lathu.

"Madzi ndi aulesi," bambo ankatero atakhala pampando wawo pageti, akuuza aliyense wodutsa, wofuna kumva ndi wosafuna yemwe. "Akaona potsika amatulukira pomwepo. Iwe ukakumba walanda wa kumtunda kwako, iye akumba kuposa iwe, mapeto ake nonse mudzakakumana ku manda mukufuna madzi. Ndipo tsiku limene atseka, paipi imayamwa. Matope a m'dzenje mwakomo amabwerera m'paipi, mawa mwana wa mnzako amwa."

Anthu ankati, "Ichokwadi, sekuru," kuvomereza kuti n'zoona agogo, akatero ulendo kukakumba.

Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti bambo sankanama. Zonse zinali zoona. Koma choonadi chawocho wochisenza pamutu ndinali ine. Mjigo wathu uli kuseri kwa sukulu, ndipo mzere wake umayamba dzuwa lisanatenthe. Madzi osamba a bambo, ophikira, ochapira, ndiye kubwere chimbudzi cha madzi chomwe chimameza ndowa yathunthu munthu akangolowamo kamodzi. Ndinkapita maulendo anayi, tsiku lochapa asanu ndi limodzi, kenako n'kukakhala pamakina osokera msana ukuyaka moto. Wilibala tinali nayo koma tayala lake linatha kalekale.

Ndinawapempha mwaulemu. Ndinawapemphanso mopanda ulemu kwenikweni.

"Bambo, msewu wonse wakumba. Ife tokha tikapanda kukumba madzi abwerera?"

"Pakhomo panga sipakumbidwa dzenje ine ndili moyo."

"Nanga msana wangawu?"

"Pepa mwanangu. Koma paipi imeneyo ndinaiyala ndekha ndi manja awa. Siidulidwa."

Pepa! Pepa satunga madzi.

Kenako kunagwa maliro ku Mbare. Anamwalira mkulu wina wa m'gulu lawo lothandizana pa maliro, la anthu omwe makolo awo anachokera ku Malawi ngati athu, ndipo bambo monga mmodzi wa akuluakulu anayenera kukagona komweko mpaka kuika. Ndinawakweza kombi, ndinawabayibitsa, ndipo pobwerera ndinadzera kwa mayi woyandikana nafe, mnzanga wogulitsa tomato, kukabwereka sowo yodulira zitsulo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Paipi yathu imachoka pamita kugeti, n'kutsata mpanda, n'kudutsa kuseri kwa khola la nkhuku isanakhotere kumpopi wa pakhoma la chimbudzi. Kuseri kwa kholako bambo sankafikako chifukwa n'kopanikiza ndipo maso awo ndi amenewo. Tinakumba awiri, ine ndi mnzangayo, iye khasu ine fosholo. Titaipeza paipi ndinaima kaye. Inali yowongoka bwino, yoikidwa pamchenga, polumikizira pake popakidwa phula. Ntchito ya munthu wokonda ntchito yake. Mnzanga anati, "Ukuiyang'ana chiyani, ikupatsa moni? Dula!" Ndinadula. Mbali yochokera kumsewu tinavekako hozi, tinamanga mphira, tinatseka ndi chitsononkho monga achitira onse. Mbali yopita kumpopi tinangoisiya. Pamwamba tinavundikira lata, palatapo masaka akale ndi nkhuni. Dothi tinalimwaza m'dimba la ndiwo.

Tsiku la madzi litafika ndinatsika m'dzenjemo n'kuzula chitsononkho. Anatuluka. Ochepa, owonda ngati chala, koma anatuluka pakhomo pathu. Sindibisa, ndinalira.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unakhala wa bodza. Madzi akabwera bambo ankakhala pageti kudzudzula anthu a maenje, ine ndili kuseri ndikudzaza migolo iwiri yomwe ndinaimika m'kachisakasa. Masiku ena ndinkatuluka ndi ndowa pageti kuti andione, n'kukakhala kwa mnzanga kumwa tiyi, n'kubwerera ndikubuula ngati ndatopa. Akumwa ndimawiritsa kuyambira kale, choncho pakamwa sakanazindikira kanthu. Msana unayamba kupola. Makhushoni ndinayamba kumaliza pa nthawi yake.

"Nkhukuzi wazikonda bwanji masiku ano," anatero tsiku lina. "Pang'ono pang'ono uli kukhola."

"Zikuikira, bambo."

Chimene chinkandibaya n'chakuti anayamba kundithokoza. Ndikawaikira madzi kubafa ankati, "Wavutika mwanangu, Mulungu akuona." Ndinkangoti zikomo, mumtima ndikuti akuonadi, vuto ndi lomwelo. Ndinkadziwa kuti tsiku limene adzadziwe sadzalira paipi yokha ayi. Munthuyu zonse zinamuthera, ntchito, mkazi, maso. Chimene anatsala nacho mumsewu uno n'chakuti iye yekha sanakumbe.

Mvula inagwa n'kutha, ine ndili pabodza langa. Ndiye m'mawa wina wa tsiku la madzi kunabwera anthu awiri oyeza. Wina anali mayi wa magalasi, atanyamula chikwama ndi kabuku. Winayo anali bambo wachikulire wa ovololo, atagwira ndodo yachitsulo yaitali yokhala ndi kamtengo kozungulira kumutu. Anafotokozera anthu kuti atumidwa kudzafufuza chifukwa chake madzi olowa m'dera lathu ndi ambiri koma ofika m'nyumba ndi ochepa, akufuna adziwe kumene ena onsewo akuthera. Kumunsi kwa msewu, pamene paipi yaikulu imalowera, anali atayeza kale mphamvu ya madzi. Tsopano ankafuna mpopi wa kumtunda woti amangepo geji yawo, kachipangizo kokhala ndi muvi ngati wotchi.

Khomo ndi khomo anapeza mipopi yakufa, mapaipi odulidwa. Ndiye anthu, anthu omwewa, anawalozera kwathu. "Pitani kwa sekuru, wawo ndi wamoyo, sanakumbe." Ndipo sanangoloza. Anawaperekeza, gulu lonse, amayi atasiya ndowa m'maenje kuti zizidzaza zokha.

Ine ndinali pamakina. Nditasuzumira pawindo ndinaona gulu lonse likulowa pageti pathu.

Bambo atamva chimene alendowo abwerera anasanduka mnyamata. Anaitanitsa jasi lawo lakale la kufakitale, lomwe linali litakhala m'sutikesi zaka, analivala m'dzuwa lonse lija. Anayamba kucheza ndi mayi wa magalasi za kukula kwa mapaipi a mumsewu wathu, chaka chimene anayalidwa, pamene pali valavu yomwe inakwiririka anthu atamanga mpanda. Mayiyo ankalemba mwachangu, akuti zimenezi ngakhale pamapu awo palibe. Sindinawaonepo bambo akusangalala chotero chimwalirireni mayi anga. Ine ndinaima pakhomo ndikupemphera kuti madzi atsekedwe msanga tsiku limenelo, pemphero lomwe munthu wa ku Glen View sanapempherepo.

Oyeza aja anamanga geji pampopi. Anatsegula. Muvi sunagwedezeke n'komwe.

"Mwaona?" bambo anatembenukira gulu lija atauzidwa. "Ndakhala ndikukuuzani chiyani? Kumunsi madzi akulowa ndi mphamvu, kuno kulibe ngakhale dontho. Athera m'maenje mwanumo! Mwaboola paipi ngati sefa, ndiye muzidabwa?"

Anthu anaweramitsa mitu. Mnzanga wa tomato ankayang'ana kumwamba ngati kukubwera ndege.

Koma mayi wa magalasi sanakhutire. Anagogoda geji ndi chala, anaimasula, anaimanganso. Anati ngakhale maenje achuluke bwanji, malinga ndi zimene anapeza kumunsi, muvi unayenera kunyamuka pang'ono pokha. Anafunsa ngati m'nyumba muli mpopi wina wotsegula. Bambo anati ulipo wa m'chimbudzi wokha ndipo ndi wotseka. Mayiyo anapita kugeti, anagwada, anapukuta galasi la mita ndi mpango.

"Sekuru, mita yanu ikuyenda."

"Singayende. Zonse n'zotseka."

"Kagudumu kakang'ono kakuzungulira. Madzi akulowa pakhomo panu pano. Funso ndi lakuti akupita kuti."

Mita za anthu ambiri mumsewu wathu zinafa kale, koma yathu bambo ankaisamala ngati mwana, kuimangira kanyumba ka njerwa, kuipukuta, ngakhale manambala ake sankawaonanso. Inenso pokumba paja za mita sindinaziganize. Chitsononkho chija, chomwe ine ndinkati chimatseka bwino, chinali chikudontha m'mawa wonse.

"Paipi yanga sidontha," anatero bambo, mawu atakwera. "Ndinaiyala ndekha, pamchenga, polumikiza paliponse ndinapaka phula. Mverani nokha."

Bambo wa ovololo anaika nsonga ya ndodo yake pamita, khutu pa kamtengo kaja, n'kutsinzina. Anagwedeza mutu. Anasuntha mapazi angapo kutsata mpanda, anabaya pansi, anamveranso. Anasunthanso. Gulu lonse linkamutsatira pang'onopang'ono ngati pa maliro. Wa ovololoyo ankati phokoso la madzi likukula. Bambo anali pambali pake, dzanja paphewa la munthuyo, akumuuza pamene paipi yadutsa.

Ndinayesa. Ndinati alendo ayambe amwa tiyi. Ndinati kuseriko kuli nkhuku yofungatira mazira, ikadzidzimuka iwasiya. Bambo anati, "Iwe, anthu ali pantchito." Pamene ndinayang'ana mnzanga kuti mwina andithandiza, ndinaona msana wake wokha ukutuluka pageti.

Wa ovololo anafika kuseri kwa khola, anabaya ndodo, ndodo inalowa yokha m'dothi lonyowa. Anachotsa nkhuni. Anachotsa masaka. Anandiyang'ana kamodzi, ndipo ndinaona kuti wadziwa, maenje otere wawaona ambiri. Anazengereza. Koma bambo anati, "Mwapeza chiyani? Vundukulani."

Lata linachoka. Dzenje linali ndi madzi olekeza theka, hozi ili mkati, mphira itamasuka mbali imodzi.

 Bambo sankaona bwino chomwe chinali pansipo, choncho anagwada, jasi lija likukhudza matope, n'kupisa dzanja. Anapapasa m'mphepete mwa dzenje. Anapapasa hozi, mphira, chitsononkho. Kenako anapeza mbali inayo ya paipi yawo, yomwe tinangoisiya, n'kuyendetsa chala pamene sowo inadutsa mokhotakhota. Wina kumbuyo anaseka, kenako n'kudzitseka pakamwa. Kuseka kumeneko ndimakumvabe mpaka lero.

M'mawa wonse bambo ankayankhula Chishona chifukwa cha alendo. Apa anayankhula chathu, motsitsa, osadzutsa mutu.

"Wadula ndani?"

"Ndine, bambo."

"Liti?"

"Muli kumaliro ku Mbare."

"Ndiye madzi onse aja ndakhala ndikusamba, ndikukuthokoza..."

Ndikanakhala wanzeru ndikanagwada n'kupepesa. Koma manyazi anga amatulukira mu mkwiyo, ndi mmene ndinabadwira. Ndinalavula zakukhosi pamaso pa anthu. Ndinati inu mumalalikira muli pampando, wosenza ndine. Ndinati zaka zonsezi munandifunsapo kuti mzere wa kumjigo ndi wautali bwanji? Ndinati chilungamo chanucho chinandithyola msana, ndipo ndikanati ndife nacho mukanakumbitsa dzenje lina lalikulu kuposa ili. Ndinanena zambiri. Zina zinali zoona, koma ngakhale zoonazo sizinali zonenera pagulu.

Mayi wa magalasi ndi amene anatipulumutsa. Anatsokomola, n'kuyamba kuyankhula ndi gulu lonse ngati sanamve kanthu. Anati dzenje ili silinapose ena, onse awaona m'mawa uno akudontha chimodzimodzi. Dontho la chitsononkho chimodzi limaoneka laling'ono, koma kuphatikiza makomo onse, maola onse amene madzi ali m'paipi, ndi madzi oti akanakwera mpaka kuno. Anati paipi yaikulu nayonso ili ndi malo ake odontha ndipo akawalemba, koma maenje akapanda kutsekedwa onse pamodzi, wotseka yekha ndiye amagona ndi ludzu, n'chifukwa chake palibe amafuna kuyamba. Anthu anavomera kuti n'zoona. Anabalalika mmodzimmodzi, aliyense kubwerera kudzenje lake, poti ndowa zinali zitasefukira. Potsanzika mayiyo anagwira dzanja la bambo ndi manja awiri n'kuwathokoza chifukwa cha valavu ija. Bambo anangogwedeza mutu.

Masiku awiri sanandiyankhule. Chakudya ankadya, pageti sanakhalepo. Tsiku lachitatu, madzi atatsekedwa, ndinamva bokosi la zipangizo likukokedwa pansi pa bedi. Ndinati basi, akukatseka, mawa ndabwerera kumjigo, ndipo mwina ndi bwino. Ndinawatsatira kuti ndiwagwire potsika, anakankha dzanja langa. Anakapa madzi onse ndi chitini. Anataya hozi, mphira ndi chitsononkho kunja, chimodzichimodzi, ngati akutaya mbewa zakufa. Anawongola podulidwa paja ndi tupa, anadula mazinga, zonsezi mopapasa, manja akudziwa okha. Anatulutsa mpopi wakale wamkuwa womwe anausunga m'kansalu, anaumanga ndi bobojani. Kenako anandituma njerwa zotsala pomanga khola, anayala pansi ndi m'mbali, pamwamba n'kukweza mlomo kuti madzi a mvula asalowe. Ntchitoyo inawatengera tsiku lonse.

Potuluka analola kuti ndiwagwire. Atapuma anati, "Apa sipatayikanso dontho. Matope salowanso m'paipi ya anthu."

"Zikomo bambo. Ndikhululukireni."

"Za msana wako unanena zoona. Sindinafunsepo."

Ndinagona mtima uli m'malo. Ndinati zatha, ndapeza madzi, bambo ndili nawobe, dzenje langa ndiye labwino kuposa onse mu Glen View.

M'mawa ndinamva geti likulira. Nditatuluka ndinawaona ali mumsewu, ndodo kudzanja ili, kandowa kudzanja linalo, akulowera kusukulu. Ndinathamanga opanda nsapato.

"Bambo, mukupita kuti? Migolo ndi yodzaza!"

"Amenewo ndi ako. Anga ali kumjigo."

"Mwamanga nokha mpopi uja!"

"Ndamangira iwe. Ine ndinauza msewu wonse kuti madzi a m'dzenje ndi olanda. Ndawasamba osadziwa. Podziwa sindisamba."

Ndinakuwa, ndinachonderera, ndinawauza kuti anthu aziti ndimazunza nkhalamba. Anangoima kudikira kuti ndimalize, kenako anapitiriza ulendo. Munthu woti ngalande saiona mpaka atagweramo! Ndinabwerera, ndinavala nsapato, ndinawapeza asanafike pakona, ndinawalanda ndowa.

Mpaka lero ndi mmene tikukhalira. Oyeza aja anabweranso ndi anzawo, anafukula valavu ija, anakonza malo awiri mumsewu, madzi a m'maenje anawonjezera mphamvu pang'ono. Wotseka dzenje lake sanapezeke ngakhale mmodzi, ine ndemwe. Zochapa, zophikira ndi zanga zonse ndimatunga kuseri kwa khola. Koma m'mawa uliwonse timapita awiri kumjigo kukatenga ndowa imodzi ya bambo. Ndinawauza kuti azitsala, ndikatunga ndekha. Anati ayi, ndipita nawo. Sananene chifukwa chake, ndipo sindinafunse, poti ndikuchidziwa. Munthu amene anawanamizapo ndi ndowa yopanda kanthu sangamutumenso yekha.

Chimenecho ndiye chimandiwawa kuposa msana. Njira yonse ndimakhala ndikuwiringula, iwo ali chete, ndodo ikugogoda pansi. Tikafika pangalande ndimatula ndowa, n'kuwagwira dzanja kuti awoloke.